Kuviika thupi m'akasupe otentha a ku Fish River Canyon: nthawi yopitira, njira yake ndi kupewa kupsa

Kum'mwera kwa dziko la Namibia, komwe mvula imagwa mwa apo ndi apo ndipo nthaka yake ndi miyala yokhayokha, mtsinje wa Fish unakumba chigwa chachikulu chotchedwa Fish River Canyon. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo pena n'chakuya mamita 550. Pansi pa chigwachi pali malo awiri odziwika omwe madzi otentha amatumphuka m'nthaka. Oyamba ndi Ai-Ais, kumathero a chigwa, komwe galimoto imafika ndipo kuli maiwe omangidwa, malo ogona ndi malo okhomapo matenti. Achiwiri ndi Palm Springs, omwe ena amati Sulphur Springs, m'kati mwenimweni mwa chigwa. Kumeneko kulibe msewu, kulibe simenti, kulibe mlonda. Kuli kasupe, mitengo ya kanjedza ndi mtsinje basi, ndipo munthu amakafikako wapansi atasenza katundu wake kumsana.

Amene anaonapo Mawira ku Nkhotakota kapena madzi otentha a ku Chiweta akudziwa kale kasupe wamtunduwu. Madzi a mvula amalowa pansi kudzera m'ming'alu ya matanthwe, ndipo pa kilomita iliyonse yomwe atsika, kutentha kwa nthaka kumakwera ndi madigiri pakati pa 25 ndi 30. Akapeza mng'alu wina amabwerera kumtunda msanga asanazizire. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Nkhotakota mukapsa kapena kukomoka, anthu ndi chipatala zili pafupi. M'chipululu muli nokha ndi anzanu, ndipo thupi limafika pa kasupe litauma kale ndi dzuwa. Zambiri zomwe zikutsatirazi zagona pamenepo.

Nthawi yopitira

Pitani m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Ulendo wapansi wodutsa m'chigwa amauloleza kuyambira pa 1 Meyi kufikira pa 15 Sepitembala pokha. Miyezi inayo pansi pa chigwa pamatentha kupitirira madigiri 40, komanso ndi nyengo yomwe mtsinje ungasefukire. Ku Ai-Ais kokha mutha kupita ndi galimoto ngakhale m'chilimwe, koma kulowa m'madzi otentha kunja kukutentha chomwecho n'kudzizunza chabe. Juni ndi Julaye ndiyo miyezi yabwino. Usana kumafunda, usiku kumazizira kwambiri, ndipo m'pamene madzi otentha amakoma.

Ulendo wapansi umafuna kulembetsa kukadali miyezi yambiri kudzera ku Namibia Wildlife Resorts, bungwe lomwe limayendetsa Ai-Ais ndi Hobas, malo okhomapo matenti omwe ali pafupi ndi poyambira ulendowu. Gulu lisachepere anthu atatu, ana osakwana zaka 12 saloledwa, ndipo aliyense amaonetsa chikalata cha dokotala chosapitirira masiku 40 chilembedwereni. Kutsikira m'chigwa n'kutulukamo tsiku lomwelo n'koletsedwa, choncho Palm Springs simalo oti n'kungokasamba n'kubwerako madzulo. Zaka za chilala njirayi imatha kutsekedwa chifukwa chosowa madzi akumwa mumtsinje. Funsani kukatsala sabata imodzi kuti munyamuke.

Njira ndi galimoto

Kwa amene akukhala ku Cape Town, njira ndi msewu wa N7 kudzera ku Springbok mpaka pa chipata cha Vioolsdrif, makilomita pafupifupi 680. Mukawoloka mtsinje wa Orange mwafika ku Noordoewer, m'dziko la Namibia. Pachipata pamafunika pasipoti, mapepala a galimoto, kalata ya banki ngati galimoto ndi yangongole kapena kalata ya mwini wake ngati ndi yobwereka, ndiponso ndalama ya msonkho wa msewu womwe galimoto zakunja zimalipira. Sungani lisiti lake, apolisi a pamsewu amalifunsa. Ndalama ya randi imagwira ntchito ku Namibia pa mtengo wofanana ndi dola yawo.

Thirani mafuta odzadza ku Noordoewer, kapena ku Grünau ngati mukuchokera kumpoto. Kuchoka ku Noordoewer mumatsata msewu wa B1 pang'ono n'kukhotera msewu wafumbi wa D316, ndipo ulendo wonse mpaka ku Ai-Ais ndi makilomita pafupifupi 120. Ochokera ku Grünau amalowera pa msewu wa C10. Kukakhala kouma, galimoto wamba imadutsa, koma yokwera bwino pansi ndiyo yopatsa mtendere.

Ngozi zambiri m'misewu yafumbi ya ku Namibia zimabwera chifukwa cha liwiro. Msewu umaoneka wosalala ndi wotakasuka, woyendetsa n'kuponda, kenaka pokhota matayala n'kutsetsereka pa timiyala. Musapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo potsetsereka cha ku Ai-Ais chepetsani ndithu. Phwetsani matayala pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mpweya womwe mumayendera pa tala, kuti agwire bwino ndipo miyala yakuthwa isawabowole msanga. Mukabwerera pa tala apopeninso. Tayala la sipeya likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala muziyese musanachoke pakhomo, ndipo kathabwa koika pansi pa jeke n'kofunika chifukwa pamchenga jeke imamira. Madzi m'galimoto akhale malita 5 pa munthu aliyense patsiku, kuphatikizapo chigubu cha malita 20 chomwe simuchikhudza pokhapokha zinthu zitavuta. Galimoto ikafa, khalani pomwepo. Ofunafuna amaona galimoto mosavuta kusiyana ndi munthu woyenda yekha m'miyala.

Kufika ku Palm Springs

Ulendo wapansi umayambira pafupi ndi Hobas n'kukathera ku Ai-Ais, mtunda wa makilomita pakati pa 85 ndi 90, womwe ambiri amauyenda masiku anayi kapena asanu. Chanzeru n'kusiya galimoto ku Ai-Ais n'kukonza zoti wina akakutuleni poyambira. Potsikira m'chigwa m'pozondoka kwambiri, moti kumtunda kwake anamangako maunyolo ogwirira. Palm Springs ali pa makilomita pafupifupi 15 kuchokera poyambira, koma musanyengeke ndi kuchepa kwa nambalayo. Gawo limeneli ndi la miyala ikuluikulu ndi mchenga wozama, ndipo magulu ambiri amafika pa kasupe tsiku lachiwiri. Mumayamba kumva fungo la dzira lovunda musanaone akanjedza. Ndi mpweya wa sulufule wotuluka ndi madziwo.

M'chigwa mulibe netiweki. Gulu lomwe lingathe kubwereka foni ya satelayiti lichite zimenezo. Cha kufupi ndi Palm Springs kuli njira yotulukira pakagwa zadzidzidzi, koma ndi chikweza choti munthu wodwala sangachikwere yekha.

Kuyesa madzi musanalowe

Apa m'pamene pagona nkhani. Pa Palm Springs madzi amatuluka ali pa madigiri pafupifupi 57, ndipo pa diso la kasupe wa ku Ai-Ais amafika cha m'ma 60. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu la munthu wamkulu mpaka m'kati pa masekondi asanu okha. A madigiri 50 amatenga mphindi zochepa, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amatha kupirira n'kumaganiza kuti thupi lizolowera. Khungu la mwana ndi la munthu wokalamba limapsa msanga kuposa pamenepa. Madzi oyenera kuviikamo thupi ndi a madigiri 37 mpaka 40. Kupitirira 40 musalowe.

Tengani kachida koyezera kutentha, ngakhale kakukhitchini komwe kali ndi kachitsulo kosongoka. N'kopepuka ndipo n'kotsika mtengo. Dzanja silodalirika: chikhatho cha munthu wogwira ntchito chimapirira kutentha komwe ntchafu ndi msana sizingapirire.

Pa kasupe weniweniyo simulowa ayi. Mumasamba pomwe madzi otentha akukumana ndi a mumtsinje. Yambirani kumunsi, komwe kukuzizira, n'kumasendera pang'onopang'ono cha kumene madzi otentha akuchokera, mukuyeza mukamasuntha. Mukapeza madigiri 38 kapena 39, malo anu ndi amenewo. Osayamba kumtunda n'kumatsika, ndipo osadumphira.

Pali msampha womwe umagwira anthu ambiri. Madzi otentha ndi opepuka kuposa ozizira, ndiye amayandama pamwamba. Mutha kuima m'dziwe mapazi akuzizira, koma mutangokhala pansi mapewa n'kupsa. Yezani pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo takasani madzi ndi mkono musanakhale. Mukakhala osagwedezeka kwa kanthawi, madzi otentha amadzasonkhananso pamwamba, choncho muziwatakasa pafupipafupi. Mchenga ndi matope a pafupi ndi kasupe nazonso zimabisa timitsempha ta madzi otentha kwambiri. Phazi likamira m'matope otere silituluka msanga. Valani nsapato zapulasitiki zomanga, osati mapatapata omwe amatsalira m'matope. Miyala yake ili ndi ndere zoterera.

Malo osanganirana madziwa sakhala amodzimodzi chaka ndi chaka, ngakhale sabata ndi sabata. Mu Meyi mtsinje umakhala ndi madzi ambiri ndipo otenthawo amazizira pafupi. Pofika Ogasiti mtsinje waphwa, madzi otentha amafika patali. Malo omwe mnzanu anasambapo chaka chatha akhoza kukhala owotcha lero.

Mtsinje ukaphwa kwambiri, ena amasakaniza okha m'kadziwe kapamwala pogwiritsa ntchito ndowa yansalu yopindika. Masamu ake ndi awa: ngati a pakasupe ali pa 57 ndipo a mumtsinje ali pa 15, ndowa zinayi za otentha ndi zitatu za ozizira zimapereka madigiri 39. Theka ndi theka zimapereka 36. Nthawi zonse yambani kuthira ozizira. Potunga otenthawo gwirani ndowa ndi ndodo yoyendera, osati kumiza dzanja. Ngati mwasuntha miyala kuti mutchinge madzi, ibwezereni mukamachoka, chifukwa malowa ali m'dera lotetezedwa la Ai-Ais Richtersveld, lomwe maiko a Namibia ndi South Africa anagwirizana kuliyang'anira limodzi mu 2003.

Ku Ai-Ais ntchito yoziziritsayi anakuchitirani kale: madzi amawakoka ndi mapaipi kupita m'maiwe a m'nyumba ndi dziwe lapanja. Komabe pomwe paipi ikuthira pamatentha kuposa pena ponse, ndipo ana asaseweretse madzi a pa diso la kasupe.

Muli m'madzi

Imwani theka la lita musanalowe, ndipo botolo likhale poti mukhoza kulifikira. M'madzi otentha munthu amatuluka thukuta kwambiri koma saliona, ndipo amene wayenda tsiku lonse padzuwa amakhala atataya kale madzi ochuluka. Onani mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu chakuda, yambani mwamwa ndi kupuma pamthunzi kwa ola, kusamba kubwere pambuyo.

Khalani mphindi 10 mpaka 15, tulukani, pumani nthawi yofanana, ndipo mukafuna bwererani. Lowani mpaka m'chiuno kaye, kenaka pachifuwa. Kutentha kumatanula mitsempha ya pakhungu, magazi ambiri n'kuthamangira kumeneko, mtima n'kumagunda mofulumira kuti ubongo usaperewedwe. N'chifukwa chake munthu akadzambatuka mwadzidzidzi amachita chidima m'maso n'kugwa. Pamiyala kugwa kotere n'kuthyoka, m'madzi n'kumira, ngakhale madziwo akhale ofika m'mawondo. Potuluka khalani kaye m'mphepete miyendo ili m'madzi kwa mphindi imodzi, kenaka imirirani mutagwira mwala. Mukamva chizungulire, mseru, mutu kugunda kapena mtima kuthamanga, tulukani pomwepo, osadikira kuti mphindi zikwane.

Mowa ndi madzi otentha siziyenderana. Zonse ziwiri zimatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kuumitsa thupi, ndipo mowa umagonetsa munthu pomwe amayenera kumva kuti zinthu sizili bwino. Amene akufuna kusangalala kuti ulendo watha adikire atuluke m'madzi, adye, amwe madzi. Komanso pasakhale wosamba yekha, makamaka usiku.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Masana thupi lilibe koti n'kutayira kutentha, popeza mpweya ndi miyala nazonso zikutentha. Mukasamba madzulo konzeranitu chopukutira ndi zovala zofunda pafupi, chifukwa m'chipululu dzuwa likangolowa kuzizira kumabwera msanga.

Mutu ukhale pamwamba pa madzi

Lamulo ili ndi la akasupe otentha onse padziko lapansi. M'madzi ofunda opanda mankhwala mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, komwe kamakula bwino mpaka pa madigiri 46. Kumeza madzi omwe muli kachilomboka sikudwalitsa. Kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Matenda ake sachitikachitika, koma mwa anthu 100 odwala, oposa 97 amamwalira. Choncho osamiza mutu, osadumphira, osawazana madzi kumaso, osafukula matope a pansi. Ngati pasanathe masiku 12 chisambireni munthu wayamba kumva mutu woopsa, kutentha thupi, kusanza ndi kuuma khosi, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo auze dokotala kuti anasamba m'kasupe wotentha. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi malungo kapena matenda oumitsa khosi.

Ena asalowe n'komwe, kapena afunse kaye dokotala. Amayi oyembekezera apewe, makamaka miyezi itatu yoyamba, chifukwa kutentha kwa thupi kopitirira madigiri 39 kumatha kuvulaza mwana. Odwala mtima ndi omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, makamaka okodzetsa, amachita chizungulire msanga. Odwala shuga omwe mapazi awo anachita dzanzi samva kuwotcha, ndipo chilonda cha paphazi lawo chimavuta kupola: iwowa adalire choyezera, osati khungu. Ana aang'ono ku Ai-Ais asapitirire mphindi zisanu m'dziwe lotentha.

Oyenda pansi amakhala ndi matuza kumapazi. Thuza losaphulika silivuta, koma lotseguka ndi khomo la tizilombo. Mukasamba litsukeni ndi madzi akumwa, liume bwinobwino, kenaka ikani pulasitala watsopano. Kuviika mapazi nthawi yaitali m'mawa n'kuvala nsapato pomwepo kumafewetsa khungu ndipo matuza amachuluka.

Vulani mphete, ndolo ndi mikanda yasiliva chifukwa sulufule amazidetsa. Zovala zosambira zimanunkha dzira kwa masiku, ndiye tengani zakale.

Zikavuta

Munthu akapsa, malo opsawo aviikidwe m'madzi ozizira a mumtsinje, kumtunda kwa kasupe, kwa mphindi 20 zathunthu. Mphete ndi wotchi zichotsedwe chotupa chisanayambe. Osapaka mafuta, mankhwala otsukira mano, dzira kapena dothi, ndipo matuza osawaboola. Phimbani ndi bandeji yosamatirira kapena pulasitiki yoyera yokulungira chakudya, mosamanga kwambiri. Chilonda chikaposa chikhatho cha wopsayo, kapena chikakhala kumaso, kumanja, kumapazi kapena kumaliseche, ulendo wathera pomwepo, itanani thandizo.

Wokomoka mutulutseni m'madzi, mugoneke chagada pamthunzi, miyendo muikweze pa chikwama. Akatsitsimuka amwe pang'onopang'ono madzi a mchere ndi shuga. Mapaketi ake, ngati Thanzi uja wa kumudzi, asasowe m'chikwama. Akasowa, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Koma ngati munthu wasokonezeka mutu, akubwebweta kapena akudzandira thupi lili moto, kutentha kwamulowa m'kati. Muikeni m'madzi ozizira a mumtsinje mutamugwira mutu, mukupizeni, ndipo wina aimbe foni kapena anthu awiri apite kukaitana thandizo. Wosadziwa kanthu osamumwetsa.

Madzi akumwa, pogona ndi ukhondo

Madzi a kasupe si akumwa. Ali ndi mchere wa m'nthaka wambiri womwe umatsegula m'mimba, ndipo kutsegula m'mimba m'chigwa n'kowopsa. Tungani mumtsinje kumtunda kwa pomwe kasupe akuthira, sefani, kenaka wiritsani kwa mphindi imodzi kapena thirani mapiritsi a kolorini n'kudikira mphindi 30. Poyenda, munthu amamwa malita 4 kapena kuposerapo patsiku.

Musagone pa kasupe penipeni. Fungo limadwalitsa mutu, ndipo ndi malo omwe magulu onse amaimapo. Pezani mchenga wokwera, patali ndi madzi. Mtsinje wa Fish umachokera kutali kumpoto, kudzera m'madamu a Hardap ndi Neckartal, ndiye madzi amatha kukwera ngakhale pomwe muli pasanagwe dontho. Zinyalala zokodwa m'mitengo zimakuonetsani pomwe madzi anafika kale. Anyani a m'chigwa amadziwa kutsegula zikwama, choncho pamene ena akusamba mmodzi atsale ndi katundu. Kutumulani nsapato ndi thumba logonamo musanalowetsemo phazi chifukwa cha zinkhanira, makamaka zamchira wonenepa zomwe ululu wake ndi woopsa, ndipo usiku yendani ndi tochi.

Sopo asalowe m'kasupe kapena mumtsinje, ngakhale amene amati savulaza chilengedwe. M'nyengo yozizira madzi ake sayenda kwambiri, ndipo gulu lobwera mawa lidzamwa omwewo. Tungani m'ndowa mukasambire pamchenga mamita 50 kuchoka pamadzi. Kodzithandizira kukhale kutali kuposa apo, m'dzenje lakuya ngati kutalika kwa chikhatho, ndipo mapepala ake muwanyamule m'kajumbo pamodzi ndi zinyalala zina zonse, popeza m'dothi louma chonchi sawola.

Tsiku lobwerera, musachoke m'dziwe la ku Ai-Ais n'kulunjika pa chiwongolero. Madzi otentha amalefula thupi ndipo tulo timabwera mutangoyenda pang'ono. Pumani ola limodzi, idyani, imwani madzi, ndipo nyamukani nthawi yoti mukafike pa tala dzuwa lisanalowe, chifukwa kukamada ngoma ndi nyama zina zimadumphira mumsewu.